Kuwonjezera mphamvu ya mabuleki pa galimoto yaliwiro: kutsogolo mwakonza, nanga kumbuyo?

Munthu akagula galimoto yaliwiro, kaya Toyota 86, Mazda MX-5, Nissan 350Z kapena Subaru WRX, maso ake sachedwa kugwera pa zinthu zofiira zija zimasuzumira m'kati mwa malimu a anzake. Makalipa (zopanira zimene zimafinya disiki ya buleki) a mapisitoni anayi, madisiki otakata ngati chiwaya cha tchipisi. Ndipo pafupifupi aliyense amayambira kutsogolo, poti anamva kuti mabuleki akutsogolo ndiwo amasenza ntchito yambiri. N'zoona. Koma akumbuyo nawo ali ndi gawo lawo, ndipo mukalisokoneza gawo limenelo mukhoza kuwononga ndalama zambiri n'kutsala ndi galimoto yoima patali kuposa mmene inkaimira isanakhudzidwe.

Tisanayerekeze njira, tigwirizane kaye pa chinthu chimodzi. Chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala pamene lakhudza msewu. Ngati mabuleki amene muli nawo amatha kumanga matayala mpaka kukhwekhwereza, kapena kudzutsa ABS (chipangizo choletsa matayala kumanga) mukaponda mwamphamvu, ndiye kuti mphamvu yoimitsa kamodzi ilipo kale yokwanira. Kalipa wamkulu sangawonjezere kugwira kwa tayala. Vuto la mabuleki a pafakitale limabwera pa kuima kwachisanu, kwachikhumi, kutentha kukachuluka. Galimoto ya makilogalamu 1,250 ikamachoka pa 100 km/h n'kuima, mabuleki amalandira kutentha kokwana kuwiritsa madzi okwana lita imodzi ndi theka, m'masekondi atatu okha. Pa 160 km/h ndi malita pafupifupi anayi. Pa 200 km/h ndi kanayi poyerekeza ndi pa 100. Bwerezani zimenezo pa kona iliyonse ya mabwalo a mjaha a Zwartkops kapena Killarney ku South Africa, kapena gwirani buleki osalekeza potsika Chiweta, mudzamvetsa chifukwa chake anthu amafuna kusintha mabuleki. Akulimbana ndi moto.

Kulemera kumasamukira kutsogolo

Aliyense amene anakwerapo njinga amaidziwa nkhaniyi ndi thupi lake. Ukagwira buleki mwadzidzidzi umagwadira ku mahandulo, tayala lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kuseseleka. Wakabaza amadziwanso china: akanyamula munthu kumbuyo, buleki yakumbuyo imagwira bwino kuposa akakhala yekha. Tayala limagwira molingana ndi kulemera komwe kwalipsinja.

Pa galimoto zimenezi zimawerengeka. Titenge Toyota 86 yoyamba, ya 2012. Ikaima chilili, magawo 53 pa 100 a kulemera kwake ali kutsogolo, 47 kumbuyo. Mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi mamilimita 2,570, ndipo pakatikati pa kulemera kwake pali pa msinkhu wa mamilimita 460 kuchoka pansi. Gawani 460 ndi 2,570, mupeza 0.18. Ndiye kuti pa buleki yamphamvu zedi, imene akatswiri amati 1 g, magawo 18 amasamukira kutsogolo: 71 kutsogolo, 29 kumbuyo. Pa msewu wonyowa, pomwe matayala sangapitirire theka la mphamvu imeneyo, zimakhala 62 kwa 38. Taonani, mlingo woyenera wogawira mphamvu ya mabuleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo sukhala umodzi. Umasintha ndi msewu, ndi matayala, ndi katundu amene wakwera. Porsche 911, yokhala ndi injini kumbuyo, imatha kugwiritsa ntchito mabuleki akumbuyo kwambiri kuposa galimoto zinazi pa chifukwa chomwechi.

Mukapereka mphamvu yochuluka kumbuyo, matayala akumbuyo amamanga oyamba, galimoto imatembenuka n'kuyang'ana komwe yachokera. Imeneyo ndiyo ngozi yoopsa, ndipo n'chifukwa chake opanga galimoto amakondera kutsogolo pang'ono mwadala, komanso malamulo a ku Ulaya amafuna kuti akutsogolo azimanga oyamba. Mukakondera kutsogolo mopitirira, galimoto siizungulira, koma imataya mtunda mwakachetechete. Pa 86 yomweyi, tiyerekeze kuti ABS palibe ndipo matayala ndi abwino pa msewu wouma. Mlingo ukakhala wolondola imaima pa mamita 39 kuchoka pa 100 km/h. Mukaukankhira ku 80 kwa 20, matayala akutsogolo amamanga akumbuyo asanagwire ntchito yawo yonse, ndipo mtunda umafika mamita 46. Mamita 7 amenewo ndi minibasi imodzi ndi theka. ABS ikakhalapo imachepetsako kutayaku, popeza mungathe kupondabe mwamphamvu mpaka akumbuyo nawo atagwira, koma imadzuka msanga ndipo kutentha konse kumaunjikana kutsogolo, komwe munkafuna kukupepuza.

Mphamvu ya buleki pa tayala lililonse imachokera ku zinthu zinayi zochulukitsana: mphamvu ya mafuta m'paipi, kukula kwa nkhope za mapisitoni, kukakala kwa mapadi, ndi kutalika kochoka pakati pa disiki kufika pomwe padi imagwira. Mukasintha chimodzi mbali imodzi, mlingo wasuntha. Njira zonse zili m'munsizi tiziyeza ndi muyeso umenewu.

Mapadi ndi mafuta a mabuleki, zina zonse osakhudza

Iyi ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo anthu amainyoza chifukwa siioneka ndi maso. Komatu kwa anthu ambiri ndiyo yokhayo imene ikufunika.

Mabuleki amafooka m'njira ziwiri, ndipo phazi limakuuzani kuti ndi iti. Pedulo ikakhala yolimba koma galimoto osafuna kuima, mapadi apsa. Pedulo ikafewa n'kumalowa pansi, mafuta awira ndipo m'mapaipi muli nthunzi. Mafuta a gulu la DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, a DOT 4 asanafike 230, a DOT 5.1 asanafike 260. Koma mafutawa amayamwa chinyontho, ndipo akamwa madzi pang'ono chabe manambala aja amatsikira ku 140, 155 ndi 180. Galimoto zambiri zimene zimafika kwathu kuchokera ku Japan zimabwera ndi mafuta amene palibe akudziwa chaka chimene anathiridwa. Kungowakhetsa n'kuthira atsopano kumachiza matenda amene mwini wake ankati afunika mabuleki aakulu a kampani ya Brembo. Kwa opita ku bwalo la mjaha kuli mafuta monga Motul RBF 600, amene amapirira kupitirira madigiri 300 akadali atsopano, ndi Castrol SRF, okwera mtengo koma osatsika kwambiri ngakhale atamwa chinyontho. DOT 5 yopanda ".1" ija ndi mtundu wina, wa silicone, musaisakanize ndi enawa ndipo musaithire m'galimoto ya ABS. Ubwino wa mafuta ndi woti sasuntha mlingo ngakhale pang'ono.

Mapadi ndiye nkhani ina, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa osadziwa. Pa mphepete mwa mapadi ambiri pamakhala zilembo ziwiri, monga FF kapena GG. Choyamba chimanena kukakala kwa padi ikakhala yosatentha kwambiri, chachiwiri ikatentha. E ndi 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55. Tsopano tiyerekeze galimoto ya mlingo wa 70 kwa 30, mwachotsa mapadi a 0.40 kutsogolo n'kuika a 0.50, kumbuyo mwasiya akale. Mphamvu yakutsogolo yakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mlingo wafika pafupifupi 74.5 kwa 25.5. Kabokosi kakang'ono ka mapadi kasuntha mlingo kuposa mmene madisiki akuluakulu angausunthire, monga tionere posachedwa. Choipa n'choti kusiyanaku kumakula pamene mabuleki atentha: padi yamjaha ikuwonjezera kugwira pamene yakumbuyo, yamsewu wamba, ikufooka.

Ndiye lamulo langa ndi loti mapadi agulidwe a mbali zonse ziwiri, a kampani imodzi, a mtundu umodzi kapena woyandikana. Ferodo DS2500, EBC Yellowstuff, Hawk HP Plus ndi ena a msinkhu umenewo anapangidwira munthu amene amayenda mumsewu masiku ambiri koma nthawi zina amathamanga. Amatulutsa fumbi lakuda, ena amalira ngati chitseko chopanda girisi, ndipo amadya disiki msanga. Mapadi enieni amjaha musawaike pa galimoto yopitira kuntchito. M'mawa wa mu June akadali ozizira sagwira bwino, ndipo kuima koyamba pa geti kudzakuphunzitsani. Mukaona chizindikiro cha ECE R90 pa bokosi, ndiye kuti padiyo siisiyana ndi ya pafakitale kupitirira magawo 15 pa 100. N'chitetezo chabwino mukafuna kuti mlingo usasunthe kwambiri.

Mapaipi okutidwa ndi waya, a Goodridge kapena HEL, amalimbitsako pedulo, makamaka ngati a labala aja akalamba. Mtunda woimira sasintha, mlingonso sasintha. Madisiki oboola mabowo ndi okongola, koma akamatenthedwa kawirikawiri amang'aluka kuyambira pa mabowopo. Osalala kapena a mizere ndiwo amakhalitsa. Za zivundikiro zapulasitiki zofiira zomata pa kalipa zija, zolembedwa dzina la kampani imene sinazipange, tisataye nazo nthawi.

Kutenga mabuleki a mkulu wake

Galimoto zambiri zaliwiro zinatuluka m'mitundu ingapo, wina wa mabuleki aang'ono, wina wa aakulu. Kutenga a mtundu waukuluwo, mbali zonse ziwiri, ndi njira imene ndimaikonda kwambiri mapadi akalephera, chifukwa masamu anachitidwa kale ndi anthu amene anali ndi bwalo loyeserapo ndi galimoto zoti aziphwanye.

MX-5 ndi chitsanzo chophunzitsa. Yoyamba, ya 1989 ya injini ya 1.6, inali ndi madisiki a mamilimita 235 kutsogolo ndi 231 kumbuyo. Itabwera ya 1.8, Mazda anakulitsa mbali zonse: 255 ndi 251. Pambuyo pake mtundu wa Sport unalandira 270 kutsogolo ndi 276 kumbuyo. Onani kuti nthawi zonse ankasuntha ziwirizi limodzi. Kuchoka pa 235 kufika 255 kumawonjezera mphamvu yakutsogolo ndi magawo pafupifupi 11 pa 100, ndipo kuchoka pa 231 kufika 251 kumawonjezera yakumbuyo ndi pafupifupi 10. Mukachita zonse mlingo umakhala pomwe unali. Mukachita kutsogolo kokha umasuntha ndi magawo awiri basi, amene sangakugwetseni, koma bwanji kusiya ntchito pakati pamene mabulaketi akumbuyo ndi otsika mtengo? Chimene mwapindula kwenikweni ndi chitsulo chochuluka chosungira kutentha ndi padi yokulirapo.

Pa 86 ndi mnzake Subaru BRZ, mitundu yapamwamba inali ndi madisiki a 294 kutsogolo ndi 290 kumbuyo. Cha mu 2017 kunabwera mtundu wa mabuleki a Brembo: 326 kutsogolo ndi kalipa wa mapisitoni anayi, 316 kumbuyo ndi wa mapisitoni awiri. Miyeso imeneyi ndi yofanana ndi ya Brembo za pa Impreza WRX STI, n'chifukwa chake anthu amasakasaka makalipa agolide a STI m'malo ogulitsa zipangizo zakale. Apa chenjerani ndi zinthu ziwiri. STI ndi yolemera kwambiri kutsogolo kuposa 86, ndiye kutenga makalipa ake akutsogolo okha ndi kubwereka nsapato imodzi. Chachiwiri, mabowo a mabawuti: 86 yoyamba ndi ya 5x100 (mabawuti asanu pa mzere wozungulira wa mamilimita 100), pamene STI zambiri za kuyambira 2005 ndi za 5x114.3, choncho disiki iyenera kukhala yogwirizana ndi galimoto yanu. Nissan 350Z nayo inatuluka ndi mtundu wa Brembo wa madisiki a 324 kutsogolo ndi 322 kumbuyo, poyerekeza ndi 296 ndi 292 a mitundu yoyambirira wamba.

Zovuta zake zilipo. Makalipa akale amafuna kuphwasulidwa, kuikidwa malabala atsopano, mwinanso mapisitoni ngati adya dzimbiri. Mtundu waukulu uja nthawi zina unkabwera ndi masita silinda ina (pampu yokankha mafuta mukaponda pedulo) kapena valavu ina, ndipo mukatenga makalipa okha mwatenga gawo chabe la zimene fakitale inakonza. Funsani manambala a zipangizo za mitundu yonse iwiri muone zimene zikusiyana. Madisiki a 326 amafuna malimu a mainchi 17, ndipo si limu lililonse la 17 limene limapereka malo kuseri kwa masipoko. Tayala lasipeya nalo lingakane kulowa kutsogolo, ndipo zimenezi munthu amazitulukira usiku, pa msewu wa kutali ndi kwawo. Koma ubwino umodzi umaposa zonsezi kwa munthu wokhala ku Lilongwe kapena ku Chipata: mapadi ndi madisiki ake ali ndi nambala ya kampani ya galimotoyo, amapezeka kwa ogulitsa ambiri, simudzadikira sitolo imodzi ya kutsidya kwa nyanja.

Kiti yaikulu ya kutsogolo kokha

Kiti ndi phukusi la makalipa, madisiki ndi mapadi zogulidwa limodzi. Iyi ndiyo imagulidwa kwambiri, ndipo ikhoza kukhala yabwino zedi kapena yoipa zedi malinga ndi nambala imodzi imene ogula ambiri safunsa: kukula kwa mapisitoni.

Kuchuluka kwa mapisitoni sikutanthauza mphamvu. Powerengera timatenga mapisitoni a mbali imodzi ya kalipa. Kalipa wotsetsereka wa pisitoni imodzi amafinya disiki mbali zonse ziwiri ndi pisitoni yomweyo, ndiye pofanizira ndi kalipa wa mapisitoni anayi mumawerenga awiri okha. Tengani pisitoni imodzi ya mamilimita 51, ngati ya pa MX-5 zakale: nkhope yake ndi masikweya milimita pafupifupi 2,040. Kalipa wa mapisitoni anayi a mamilimita 35 amapereka pafupifupi 1,920, kucheperako ndi magawo 6 pa 100. Kalipa wooneka chimodzimodzi kunja, koma wa mapisitoni a 44.5, amapereka 3,110, kuchuluka ndi theka lonse. Makampani monga Wilwood amagulitsa kalipa mmodzi m'miyeso ingapo ya mapisitoni ngati imeneyi, ndipo munthu wosadziwa amasankha wamkulu poganiza kuti wapeza zambiri pa mtengo womwewo.

Kiti yopangidwa ndi anthu odziwa imachita dala zosiyana ndi zimene mukuyembekeza: imakulitsa disiki n'kuchepetsa mapisitoni, kuti zikachulukitsana mphamvu yakutsogolo ikhale pafupi ndi ya pafakitale. Mumapeza disiki yaikulu yotaya kutentha msanga, kalipa wolimba wosapindika, padi yokhuthala yokhalitsa, pedulo yolimba, ndipo ABS imapitiriza kugwira ntchito monga inaphunzitsidwira. Ma kiti a AP Racing, Brembo ndi StopTech opangidwira galimoto inayake amatsata nzeru imeneyi. Kumbuyo mungasiye makalipa akale, kungoika mapadi ogwirizana ndi akutsogolo.

Kiti yoipa ndi ija yosonkhanitsidwa pa galaja: kalipa wochoka pa galimoto yaikulu ya matani awiri, bulaketi yosemedwa pa makina, disiki iliyonse imene yalowa. Ndi mapisitoni okula ndi theka, 70 kwa 30 uja amasanduka 78 kwa 22 disiki tisanaiwerengere. Komanso mapisitoni aakulu amamwa mafuta ambiri, ndipo masita silinda yakale iyenera kuyenda mtunda wautali kuti iwadzaze, ndiye pedulo imatsika pansi ngati kuti muli mpweya. Mwini galimoto amabwerera kwa makaniko katatu kukatulutsa mpweya umene mulibe. Kenako wina amamulangiza kuika masita silinda yaikulu; pedulo imakweradi, koma mlingo sunabwerere, chifukwa masita silindayo imakankha mafuta mofanana ku mbali zonse. Choseketsa n'choti galimoto yotereyi imamveka yamphamvu m'tauni. Kungokhudza pedulo mutu wagwedezeka. Mwiniyo amalumbira kuti mabuleki ake ndi oopsa, pamene pa buleki yeniyeni akuima patali.

Wogulitsa akalephera kukuuzani kukula kwa mapisitoni ndi mmene kukufananira ndi a pafakitale, bwezani chikwama m'thumba.

Kiti ya matayala onse anayi

Pa galimoto ya injini kutsogolo, mabuleki akumbuyo satentha kwambiri moti n'kufuna kiti yawoyawo, pokhapokha ngati mphamvu ya injini yawonjezeredwa kwambiri kapena galimotoyo ndi yamjaha weniweni. Nthawi zambiri kiti yakumbuyo imagulidwa kuti limu lakumbuyo lisaoneke lopanda kanthu. Ngati ndi yochokera ku kampani yomweyo ndipo inapangidwa kuti iyende ndi yakutsogoloyo, palibe choipa kupatula mtengo. Kusakaniza kiti yakumbuyo ya kampani ina ndi yakutsogolo ya ina ndiko kumene kungakankhire mlingo kumbuyo, mbali yoopsa ija.

Funsani za handibuleki musanalipire. Pa 86 handibuleki ndi kadilamu kobisika m'kati mwa disiki yakumbuyo, ndiye disiki yatsopano iyenera kukhala ndi malo ake. Pa MX-5 zakale handibuleki ili m'kalipa mwenimweni. Mukachotsa kalipayo yapita. Popanda iyo COF simupeza, MOT ya ku Britain simukhoza, ndipo poimika pa chitunda mudzayamba kusaka mwala. Amene muli ku Britain dziwitsaninso a inshuwalansi za kusintha kulikonse kwa mabuleki.

Valavu yosinthika ndi mapedulo amjaha

Galimoto zakale zopanda ABS zili ndi valavu pa paipi yopita kumbuyo. Mukaponda pang'ono imalola mafuta kudutsa mofanana. Mukaponda kupitirira malire ena imayamba kuchepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Ndi njira yanzeru yotsatira kusintha kuja kwa 62 kwa 38 kufika 71 kwa 29. Valavu yosinthika ya Tilton kapena Wilwood imakulolani kusankha pomwe kuchepetsako kuyambire. Koma mvetsetsani malire ake: imangochepetsa kumbuyo, siingawonjezere. Ngati kiti yanu yakondera kutsogolo kwambiri, valavuyi ingathandize pang'ono pokhapokha mwachotsa ya pafakitale n'kuika iyi m'malo mwake, yotsegula kuposa yakale. Kuilumikiza pambuyo pa ya pafakitale ndi kuchepetsa kawiri. Kuika valavu pa paipi yakutsogolo kuti muchepetse kumeneko, ayi, musayerekeze.

Pa galimoto za ABS monga 86 ndi 350Z ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kompyuta ya ABS, kudzera mu EBD, imene imayang'ana kuthamanga kwa tayala lililonse n'kuchepetsa mphamvu kumbuyo likayamba kutsetsereka. Nayonso imangochepetsa. Ikhoza kubisa cholakwika chaching'ono, makamaka chokondera kumbuyo, koma siingapatse mabuleki akumbuyo mphamvu imene alibe. Pa galimoto zoterezi valavu yowonjezera ilibe malo.

Mapedulo amjaha okhala ndi masita silinda ziwiri, ina yakutsogolo ina yakumbuyo, ndi ndodo yosinthira mlingo pakati pake, ndiwo amapereka ufulu wonse. Dalaivala amatha kusuntha mlingo mvula ikayamba kapena petulo akamachepa. Nthawi zambiri amafuna kuchotsa busita, chipangizo chothandiza mwendo kuponda buleki, ndiye mwendo uyenera kugwira ntchito. Ndi zida za galimoto yobwera ku bwalo pa ngolo. Mumsewu, pomwe mawa ingayendetsedwe ndi mlamu wanu, sindingavomereze.

Pali njira ina yaing'ono imene imaiwalika: mapaipi olowetsa mphepo kuchoka ku bampala kupita pakati pa disiki yakutsogolo. Mtengo wake ndi wochepa, mlingo saukhudza, ndipo nthawi zina amapulumutsa munthu ku kugula kiti.

Nanga inu mutenge iti?

Ngati galimoto yanu imayenda mumsewu basi, ndipo mabuleki anakuchititsani mantha kamodzi potsika ku Chikwawa kapena ku Golomoti, gulani matayala abwino, thirani DOT 4 yatsopano, ikani mapadi abwino mbali zonse, onetsetsani kuti makalipa akumbuyo sanagwire dzimbiri pa timapini tawo totsetserekera, ndipo muzitsika ndi giya yotsika. Kalipa wakumbuyo wouma ndi amene amasokoneza mlingo pa galimoto zambiri zakale, mwini wake asanasinthe kalikonse. Ngati mumapita ku bwalo kangapo pa chaka, onjezerani mafuta opirira kutentha, mapadi a msinkhu wa DS2500 ndi mapaipi a mphepo. Akamatha msanga kapena madisiki akamang'aluka, pitani ku mabuleki a mkulu wake, onse anayi. Kiti yakutsogolo ya kampani yodziwika ndi ya munthu amene wavala matayala amjaha, wawonjezera mphamvu ya injini, ndipo akutha mapadi tsiku limodzi. Kwa iyeyo imabweza ndalama zake chifukwa mapadi ndi madisiki amakhalitsa. Matayala omata kwambiri amasamutsira kulemera kochuluka kutsogolo, ndiye kukondera kutsogolo pang'ono kumamuyenera. Amene wangotsitsa galimoto pansi osasintha matayala ali mbali inayo: kulemera kukusamuka kochepa, akumbuyo angathe kugwira ntchito yochulukirapo, ndipo alibe chifukwa chilichonse chowonjezera kutsogolo.

Njira iliyonse mwasankha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo muyese. Mapadi atsopano amafuna kuzolowetsedwa: pa msewu wopanda anthu, pondani mwamphamvu kuchoka cha pa 100 kufika cha pa 20 km/h kasanu ndi katatu kapena kakhumi motsatizana osaima njii, kenako yendani mphindi zingapo osakhudza buleki kuti zizizire. Mukaima ndi phazi pa pedulo disiki ili yotentha, padi imasiya chidindo chake ndipo chiwongolero chimayamba kunjenjemera; ambiri amati disiki yapindika pamene ndi chidindo chabe. Mukatha apo yesani mlingo pa malo otakata, otsekedwa, pa liwiro lochepa, mnzanu ataima patali pambali akuyang'ana matayala. Pa galimoto yopanda ABS akutsogolo ayenera kumanga oyamba, akumbuyo atatsala pang'ono. Yesani pouma, yesaninso ponyowa, muli nokha komanso thanki ili pafupi kutha, popeza pamenepo m'pamene kumbuyo kumapepuka kwambiri. Pa ya ABS, kachipangizo koyezera kutentha kolozera patali kadzakuuzani zambiri: mukatsika pa bwalo n'kupeza madisiki akutsogolo akutentha koopsa pamene akumbuyo ndi ofunda chabe, yambani mwaika mapadi okakala pang'ono kumbuyo, mubwerere mukayesenso musanaitanitse china chilichonse.